Mawu Amene a Ottmar Sanawamve

A Ottmar Zwick anakulira m'nyumba yonunkha guluu. Ku Pirmasens, tauni ya mafakitale a nsapato, masiku amenewo nyumba zambiri zinkanunkha choncho, poti azimayi ankatenga zikopa kufakitale n'kukazisokera kunyumba, mwana akukwawa pansi pa makina. Bambo awo ankadula zikopa, mayi awo ankasoka. Ndiye atamaliza sukulu panalibe wowafunsa kuti akufuna kudzagwira ntchito yanji. Anangowagulira epuloni n'kuwauza kuti mawa asagonereze.

Anadula zikopa zaka zambiri, ndipo kumeneko n'kumene anapezako Hiltrud, mtsikana wa kumakina osokera amene kuseka kwake kunkaposa makinawo. Anakwatirana, anabereka mwana mmodzi, amene pano ali pabanja ku Mannheim. Kenako mafakitale a nsapato anayamba kutsekedwa, chaka chino iyi, chaka chamawa iyo, ntchito ikupita kumayiko akutali. Yawo itatsekedwa a Ottmar anali atangopitirira zaka makumi anayi. Anakhala pakhomo. Ankadzuka m'mamawa monga kale, kumeta ndevu, kuvala malaya osita, kenako n'kukhala pawindo la kukhitchini kumayang'ana msewu wotsetsereka umene umapita kumsika. Hiltrud anapeza ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo akaweruka ankawapeza pomwe anawasiya, khofi atazizira m'kapu. Mpaka lero anthu awiriwa zaka zimenezo sazikamba. Zikawatuluka mwangozi amangoti "nthawi ya pawindo ija", wina n'kusintha nkhani.

Chimene chinawachotsa pawindopo ndi kafakitale kena kamene kanatsegulidwa kumapeto kwa tauni, m'chinyumba chimene kale munkasokedwa nsapato za ana. Kumeneko amapanga siponji ya masoli a nsapato zothamangira. A Ottmar anawalemba kuti azinyamula ndi kusesa. Patapita nthawi, mkulu amene ankagwira pamphika anawayang'anitsitsa mmene ankaikira zinthu pansi, mosaponya, n'kukauza mabwana kuti munthu wosapupuluma chonchi ndi amene akufunika apa. Anawaphunzitsa zonse asanapume ntchito. Pa phwando lomutsanzika mkulu uja ankangomwetulira chilichonse chimene anthu ankanena, chabwino ndi chachipongwe chomwe, ndipo a Ottmar anaona ngati ndi ukalamba chabe.

Mphikawo si wophikira ayi, koma aliyense amautcha choncho. Ndi chitsulo chachikulu chogona chammbali, chachitali ngati galimoto, chitseko chake chokhuthala moti munthu amachikankha ndi phewa. M'kati amalongeramo matabwa a pulasitiki, olimba gwa, lililonse pashelefu yake. Akatseka amapopamo mpweya womwe uja umathetheka mu soda, umene ophunzira amati kaboni dayokisaidi. Amaupanikiza n'kuutenthetsa mpaka umafika poti suli mpweya komanso suli madzi, uli pakatikati, ndipo ukafika pamenepo umalowerera m'pulasitiki muja ngati mafuta m'nsalu. Amausiya nthawi ndithu kuti ufike mpaka pakati pa thabwa. Kenako wa pamphika amakoka chogwirira chofiira, mpweya wonse n'kuthawa kamodzin'kamodzi kudzera m'chipaipi chotulukira kunja, ndipo umene walowa m'pulasitiki umafutukuka pofuna potulukira. Thabwa lija limatuluka litafufuma ngati buledi mu uvuni, loyera, lofewa, lopepuka moti mwana akhoza kulinyamula ndi dzanja limodzi. Ukalidula suona mabowo ngati a siponji yotsukira mbale. Mabowo alimo, osawerengeka, koma ndi aang'ono kuposa kuwonda kwa tsitsi, diso siliwaona.

A Ottmar anaikonda ntchitoyi, ngakhale amuna a msinkhu wawo mawu oti kukonda sawagwiritsa ntchito pa zinthu zotere. Atangoyamba anatengera Hiltrud kachidutswa kuti akapsinje ndi chala. Ankamufotokozera ndi botolo la soda, kulikhutchumula n'kulitsegula, thovu n'kusefukira patebulo, Hiltrud n'kumakalipa koma akuseka. Anayambanso kuimba mluzu pometa ndevu. Panjira akaona munthu akuthamanga, maso awo ankapita kumapazi. Matabwa akatuluka ankawasisita ndi kuseri kwa dzanja monga mmene mayi amayesera kutentha kwa mwana pachipumi, ndipo likatuluka lina lokwinyika ankakhala chete mpaka nthawi yoweruka.

Vuto la mphika ndi phokoso. Mpweya ukamatuluka kumamveka ngati bingu lagundira m'chipinda momwemo. Mawindo amanjenjemera, ndipo nkhunda za padenga zinasamuka kalekale. Pali nyali imene imayaka ndi belu limene limalira, koma anthu a m'holo ya mphikayo ankadalira mwambo wawo umene unayamba nyaliyo isanaikidwe. Wa pamphika asanakoke ankaitana aliyense ndi dzina. Woitanidwa ankavala zotsekera makutu n'kuyankha kuti watseka. Ngati sanakonzeke ankati dikira, ndipo dzanja linkachoka pachogwirira. Kuti amve mayankho, wa pamphika ankasiya khutu limodzi pamtunda n'kulitseka pomalizira pa onse. A Ottmar ankasiya lakumanzere. Nthawi zina ankachedwa pang'ono kulitseka, nthawi zina chotsekera chinkakhala chopendekeka. Zaka zinapita choncho.

Mbalame ndi zimene zinayamba kukhala chete. Chaka china chipale chofewa chitasungunuka anauza Hiltrud kuti mbalame zachepa masiku ano, Hiltrud n'kungowayang'ana, poti mumtengo wa pakhomo zinali kuchita kusokosera. Kenako wailesi yakanema inayamba kulankhula motsitsa. Kenako mdzukulu wawo pafoni anasanduka munthu wong'ung'udza. Mawu aamuna, okhuthala, ankawamvabe. A azimayi ndi a ana ndiwo ankawathawa. Anasintha khutu, n'kuyamba kusiya lakumanja pamtunda, nalonso linayamba kulondola linzake.

Tanthauzo lake ankalidziwa. Chaka chilichonse pamabwera galimoto ya dokotala wa makutu n'kuima pabwalo la fakitale, ndipo munthu akapezeka kuti makutu akutha saloledwanso kugwira m'holo ya phokoso. Choncho galimotoyo ikabwera, a Ottmar msana unkawagwira. Ku penshoni kunali kutatsala zaka zochepa, ndipo ankadziuza kuti akangofikako ali pamphika, basi. Njala sankaiopa, poti Hiltrud ankagwira ntchito ndipo nyumba inali yawo. Ankaopa windo lija.

Ndiye anaphunzira kumva ndi maso. Akaitana dzina ankayang'ana milomo, mutu, mapewa. Anaonanso kuti anthu ayamba kukweza chala chachikulu poyankha, ndipo mumtima ankathokoza kuti chizolowezi chatsopanochi chabwera nthawi yabwino. Ankakhulupirira ndithu kuti palibe akudziwa.

M'holomo ankagwira atatu. Panali Selim, bambo wa ana anayi, wobadwira m'tauni momwemo kwa makolo ochokera ku Turkey, mawu ake ngati ng'oma. Iye ankayendetsa kagalimoto konyamulira katundu, ndiponso ankagwirizira pamphika a Ottmar akakhala patchuthi. Ankawatcha mdala. Tsiku silinkatha osawafunsa kuti nkhumba ya lero ili bwanji m'buledimo, iwo n'kumuyankha kuti ili bwino kusiyana ndi tiyi wake amene supuni imaima chilili chifukwa cha shuga. Winayo anali Svenja, mayi wachitsikana wolera yekha kamwana kake kakakazi, amene ankalonga matabwa m'mashelefu. Svenja sanalembedwe ntchito yokhazikika. Anabwera kudzera ku kampani yobwereketsa antchito, ndipo kontirakiti yake inkatha nyengo yozizira ikamatha. Anali wosalankhulalankhula. M'fakitalemo onse amaitanana mayina, koma iye zinamukanika, ankangoti bambo Zwick, ndipo mawu ake anali aang'ono ngati a mwana wasukulu.

Tsiku limenelo kunazizira kwambiri, ndipo nthawi ya chakudya chamasana inali itayandikira pamene foni ya Svenja inanjenjemera m'thumba. Mafoni ndi oletsedwa m'holo, koma anaona kuti ndi kusukulu ya mkaka, ndipo mwana anali atamusiyako akutsokomola. Pali malo amodzi okha amene saoneka pawindo la ofesi ya mayi Weidler, woyang'anira ntchito, ndiwo kuseri kwa mphika, pafupi ndi chipaipi chija. Svenja ananyonyomala pamenepo, zotsekera makutu zili m'khosi, foni pakhutu lakumanzere.

A Ottmar anayang'ana timawotchi ta pamphika n'kuona kuti nthawi yakwana. Matabwa akakhalitsa m'kutentha amafewa mopitirira, mabowo n'kuphulika kukhala aakulu, ntchito ya m'mawa wonse n'kutayidwa. Anayatsa nyali, anakweza chotsekera chakumanja. Anaitana Selim, Selim anayankha ali chapakhomo, chala m'mwamba. Anaitana Svenja. Sanamuone, koma kangolo kake konyamulira matabwa kanali pafupi ndi mashelefu, ndiye anaganiza kuti waima kuseri kwa mashelefuwo. Anamva kanthu kakang'ono, kakuthwa, ngati chitseko chosowa mafuta. Mumtima anati wayankha. Anatseka khutu n'kukoka.

Phokoso litatha anaona Selim akuthamanga. Svenja anatuluka kuseri kwa mphika akuyenda pang'onopang'ono ngati munthu wonyamula mbale yodzaza msuzi, dzanja pakhutu lakumanja, timagazi tikudutsa pakati pa zala. Foni inali ikadali kudzanja linalo. Sanalire. Anangofunsa Selim ngati pali amene angakamutengere mwana, ndipo anafunsa mokuwa, osadzimva yekha.

Selim atanyamuka naye kupita kuchipatala, a Ottmar anatsala okha. Anatsegula chitseko cha mphika, poti matabwa sasiyidwa m'katimo. Anatuluka okongola, ofunda, osalala, opanda khwinya ngakhale limodzi. Anawanyamula limodzilimodzi n'kumawaika pakangolo ka Svenja.

Mayi Weidler anawaitana tsiku lotsatira. Ndi mayi wamfupi, wa magalasi, wosakweza mawu, ndipo a Ottmar anasankha mpando woyang'anizana naye kuti aziona milomo. Anawafunsa ngati anaitana mayina. Anati anaitana. Anawafunsa ngati Svenja anayankha.

"Ndinamva mawu," anatero a Ottmar.

Mayi Weidler anagwedeza mutu. Anawauza kuti kuchipatala apeza kuti kachikopa ka m'khutu kang'ambika. Kadzapola, koma kulira kwa m'khutu mwina kudzakhalitsa. Svenja anali atavomera kale kuti ankayankha foni kuseri kwa mphika, ndipo za chimene anayankha ataitanidwa anati sakukumbukira. Mayi Weidler anati zikanakhala za foni zokha akanangomuchenjeza, poti nayenso analerapo ana, koma munthu wonena kuti watseka asanatseke sangamusunge pafupi ndi mphika. Kontirakiti ikatha sadzaiwonjezera. A Ottmar anamvetsa bwinobwino mawu onsewa, palibe limene linawathawa, ndipo anangotsika masitepe.

Pa nthawi yopuma Selim anawapeza pabwalo akudya buledi ali chiimire, kolala ya jekete itadzutsidwa. Anaima patsogolo pawo penipeni, monga ankachitira nthawi zonse, ndipo tsiku limenelo m'pamene a Ottmar anazindikira kuti papita nthawi yaitali Selim asanawalankhule ali kumbuyo kwawo.

"Mdala, uja anakuwa kuti dikirani. Kawiri. Kachiwiriko ndinamva ine ndili ndi zotsekera m'makutu."

A Ottmar anayamba kunena za belu, kuti belulo limasokosa, koma Selim anawadula.

"Usandinamize ine, ndili ndi ana anayi, bodza ndimaliona lisanatuluke pakamwa. Ukuganiza kuti zalazi timakweza poyamikira nkhope yakoyo? Sukumva, mdala. Tonse tikudziwa. Ndi mayi wogulitsa buledi yemwe akudziwa, n'chifukwa chake amangokulozera m'malo mokufunsa."

Anawauza kuti amene anayambitsa za chala anali Svenja yemweyo, atangogwira milungu yochepa. Anaona kuti a Ottmar amayang'ana pakamwa pa anthu ngati mwana wophunzira kulankhula, ndipo anapempha anzake mwakachetechete kuti aziyankha ndi dzanja, koma asawauze, angachite manyazi. Onse anavomera, ndi a shifiti ina omwe. Aliyense ankaona ngati akuchita chifundo. Selim anati iye kwa mayi Weidler sakanena kanthu, chifukwa akanena ndiye kuti akudziulula yekha kuti anakhala chete nthawi yonseyi, komanso nkhaniyi ili ndi mwini wake. Anakhuthula tiyi wotsala pansi n'kubwerera m'kati.

Loweruka masana a Ottmar anagula keke ya tchizi n'kukwera masitepe a nyumba ya Svenja, imene ili pamwamba pa shopu yotsekedwa. Anamupeza ali ndi thonje m'khutu, akupinda zovala za mwana, mwanayo atagona m'chipinda. Anakhala pampando umene anawalozera, keke ili pamiyendo. Anayamba kupepesa koma mawu ankakana kulumikizana. Svenja anawayang'ana kumaso n'kulankhula pang'onopang'ono, akutsegula pakamwa bwinobwino, ndipo zimenezo zinawapweteka kuposa mawu a Selim, poti tsopano ankadziwa chifukwa chake. Anati foni anayankha ndi iye, kuseri anabisala ndi iye. Anati kusitolo yaikulu ya kumtunda amafuna anthu olonga katundu m'mashelefu, sangagone ndi njala.

"Bambo Zwick, musakanene. Ine ndine wamng'ono, ndipeza pena. Inu akakuchotsani pamphika mupita kuti?"

A Ottmar anafunsa ngati khutu likupwetekabe. Anati kupweteka kwachepa, koma muli kaphokoso kosatha, ngati ketulo yoiwalika pamoto, ndipo chimene chikumuvuta n'chakuti akagonera khutu labwino samva mwana akatsokomola. Ndiye akugona chokhala, atatsamira khoma. Ananena zimenezi mosadandaula, akufunafuna kasokosi kanzake m'mulu wa zovala.

Potsika masitepe a Ottmar anamva thupi likupepuka, ndipo anachita manyazi ndi kupepukako. Mwini wake wanena kuti asakanene. Selim sakanena. Chatsala n'chiyani? Anayenda wapansi mpaka kunyumba akudziuza kuti kuyambira tsopano adzasamala, sadzakoka asanaone munthu aliyense ndi maso.

Lamlungu atadya mbatatesi ndi kabichi wowawasa anauza Hiltrud zonse. Hiltrud anamvetsera akupukuta mbale imodzi yomweyo. Anati za makutu anadziwa kalekale, ndani sangadziwe pomwe aneba amamva nkhani za pawailesi kudzera m'khoma. Koma nayenso anakhala chete, chifukwa windo lija amaliopa kuposa iwo, iye ndi amene ankatsegula chitseko madzulo osadziwa kuti apeza munthu wotani. Sanawauze chochita. Anangobwera kudzaima kumaso kwawo, kansalu kopukutira kali paphewa.

"Tonse takhala tikukugwira ngati dzira, Ottmar, ndipo chasweka n'cha mwana wa eni."

Lolemba anapita kuntchito asanatsimikize chilichonse. M'malo mwa Svenja munabwera mayi wina wobwerekedwa kuchipinda cholongedzera. Analonga matabwa, anatseka chitseko, anapopa mpweya, anadikira. Nthawi itakwana a Ottmar anayatsa nyali. Asanaitane n'komwe, Selim ndi mayi uja anabwera kudzaima patsogolo pawo, zotsekera zili m'makutu, zala m'mwamba, ngati ana akuonetsa aphunzitsi zikhadabo. Zonse zinali m'malo mwake. A Ottmar anagwira chogwirira chofiira, koma dzanja silinakoke. Anachisiya n'kuzungulira kuseri kwa mphika. Kunalibe munthu. Pansi panali kadontho kouma ka magazi kamene wosesa sanakaone. Anabwerera, anagwiranso. Ndiye kunabwera ganizo lakuti pamene iwo amabwerera wina akanatha kulowa pakhomo la kumbuyo, wa magetsi kapena woyendetsa lole wofuna chimbudzi, ndipo mwina pakali pano akukuwa. Anatchera khutu lakumanja. Anamva chimene ankamva masiku onse, kaphokoso ka chapatali ngati mvula ili kuseri kwa phiri, ndipo m'kaphokosomo munthu akanatha kukuwa mpaka kusasa mawu iwo osadziwa.

Singano ya kawotchi inali kupitirira. Selim anawalozera, nsidze zili m'mwamba. A Ottmar anachotsa dzanja.

"Bwera ukoke ndiwe. Uyambe waitana, mokweza, ndipo umvetsere."

Selim anawayang'ana kanthawi. Ankaoneka ngati akufuna kuseleula monga mwa masiku onse, koma anangovula golovesi n'kubwera. Phokoso linawapeza a Ottmar ali pakati pa masitepe opita ku ofesi, linawalowa m'mapazi kudzera m'zitsulo.

Kwa mayi Weidler sanakhale pansi. Ananena kuti Svenja anati dikirani kawiri ndipo iwo sanamve, kuti papita zaka asakumva bwino mawu a azimayi, kuti msana wawo sunadwalepo. Za zala sananene. Mayi Weidler anavula magalasi. Kenako ananena kanthu atawerama, a Ottmar n'kumupempha kuti abwereze atadzutsa mutu. Kanali koyamba kupempha munthu zimenezo. Mayiyo anabwereza. Anati amafunsa kuti kodi m'holo yonse ija munalibe ndi mmodzi yemwe woti n'kukwera masitepewa kudzamuuza? A Ottmar anati wokwera anayenera kukhala iwo.

Dokotala wa makutu anawayeza sabata yomweyo ndipo sanachedwe nawo. M'holo ya mphika saloledwanso kulowa, ngakhale kukapereka moni. Analandira chenjezo, Svenja analandiranso lake la foni, koma kontirakiti yake inawonjezedwa. Mwambo woitana mayina mayi Weidler anauthetsa. Tsopano aliyense amatuluka m'holo, zitseko zonse zimakhomedwa, ndipo Selim amakoka ali m'kachipinda ka galasi. Iye amati ntchito yatha kukoma, yangokhala ngati kudina batani la chikepe, koma makutu ake onse awiri amakhala otseka.

A Ottmar anawaika kuchipinda cholongedzera, kumene siponji yodulidwa kale imaikidwa m'makatoni. Si ntchito yoti munthu n'kukaikamba kunyumba. Anawapatsa timakina ta m'makutu tothandiza kumva, ndipo masiku oyamba ankadandaula kuti dziko ladzaza phokoso lopanda pake, makiyi, mapepala, nsapato zawo zomwe. Masana ena amativula n'kutiika m'thumba la malaya. Mphika amausowa, ndipo sabisa. Lole yobweretsa mpweya ikafika amaima pakhomo kuiyang'ana mpaka italowa kuseri, ndipo Selim akadutsa amamufunsa kuti matabwa a lero atuluka bwanji, n'kumvetsera yankho lonse ngati nkhani za mwana amene ali kutali. Koma m'mawa uliwonse amadzuka, kumeta ndevu, n'kutuluka pakhomo ndi buledi wawo m'chikwama.

Svenja atachira naye anamuika komweko, poti dokotala anati khutu lake lipume ku phokoso. Tsiku loyamba anapezana patebulo limodzi lalitali. Svenja anaima kumanzere kwawo, pomwe panali malo. Anagwira ntchito kanthawi ndithu, aliyense akuona milomo ya mnzake ikuyenda chammbali mwa diso, aliyense akuganiza kuti mnzakeyo akudzilankhulira. Kenako Svenja anaika katoni pansi, anawagwira pamkono n'kuwasunthira pang'ono, iye n'kuzungulira kukaima kumanja kwawo.

"Apa ndiye bwino, khutu lanu lamoyo ndi langa lamoyo ayang'anizana," anatero. "Ndimati, bambo Zwick, ndinakupemphani kuti musakanene."

"Unandipemphadi. Ndinayesa, mwana wanga. Dzanja linakana."

Svenja sanathokoze, ndipo iwo sanayembekezere kuthokozedwa. Anawafunsa ngati tepi yomatira makatoni ili kumbali kwawo, anamupatsira, ndipo anapitiriza kulongedza mpaka nthawi yopuma.